Chikwama kumsana, mpira m'manja: mbiri ya ma quarterback osamuka sukulu ku America

Mu Okutobala 1896, koleji yaing'ono ya Lafayette ya m'chigawo cha Pennsylvania ku America idali ndi masewero a mpira wachimereka (American football) ndi chimphona cha nthawi imeneyo, University of Pennsylvania. Kutatsala masiku ochepa, pa Lafayette padatulukira wophunzira watsopano, mnyamata wadzitho dzina lake Fielding Yost. Iyeyu adali wophunzira zamalamulo ku West Virginia University, ndipo adali atangosewera kumene molimbana ndi Lafayette yomweyo. Adavala yunifomu ya Lafayette, timuyo idapambana 6-4, ndipo pasanapite nthawi Yost adalongedza katundu kubwerera ku West Virginia.

Anyamata otere adalipo ambiri masiku amenewo, moti akuluakulu a sukulu ankadandaula kuti m'mabwalo mwadzaza osewera osadziwa n'komwe kumene khomo la kalasi laloza. Dandaulo limeneli ndilo lidabala malamulo oletsa kusamukasamuka. Yost sadali quarterback, koma m'zaka za pambuyo pake, wosewera amene wakhala akulimbana kwambiri ndi malamulowo ndi quarterback.

Chifukwa chake chili mu kaseweredwe ka mpirawu. Mbali iliyonse imalowetsa osewera 11, ndipo quarterback ndiye amauza anzake njira yoti atsate, kulandira mpira poyamba, n'kusankha woti amuponyere. Timu ya yunivesite yaikulu imakhala ndi osewera oposa 100, ma quarterback anayi kapena asanu, koma m'bwalo mumalowa mmodzi yekha, ngati goloboyi. Osewera a m'malo ena amalandizana masewero ali mkati, pomwe quarterback amene wagwira malo amatha kusewera chaka chonse anzake akungoombera m'manja pa benchi. Chowawitsa n'chakuti ligi yaikulu ya NFL simatenga mnyamata asanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale, ndipo pafupifupi onse amene imawatenga imawaonera m'matimu a m'makoleji. Wokhala pa benchi palibe amamuona.

Bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji lidabadwa pa maliro. Mu 1905 osewera osachepera 18 adafera mpirawu, ndipo Pulezidenti Theodore Roosevelt adaitanira akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton ku White House kuti akonze zinthu. Chaka chotsatira kudakhazikitsidwa bungwe limene mu 1910 lidatenga dzina loti NCAA. Mu 1906 momwemo adaloleza kuponyera mpira kutsogolo, lamulo limene patapita zaka lidasandutsa quarterback kukhala mwini timu.

Pofika zaka za m'ma 1960, NCAA idali ndi lamulo lakuti wosewera wosamukira sukulu ina azikhala chaka chathunthu osasewera. Ankati cholinga n'chakuti mwanayo ayambe wazolowera makalasi atsopano. Panalinso china: wofuna kuchoka ankayenera kupempha chilolezo, ndipo kochi ankatha kulemba mndandanda wa sukulu zimene sakufuna kuti apiteko. Akakakamira kupita komweko, chaka choyamba ankadzilipirira yekha fizi. Kochiyo akapeza malipiro abwino kwina ankanyamuka tsiku lomwelo, popanda womuuza kuti adikire chaka.

Troy Aikman adadutsa njira yakaleyo. Mu 1985 adali quarterback wa Oklahoma, koma adathyoka mwendo posewera ndi Miami. Malo ake adalowa Jamelle Holieway, mnyamata wa chaka choyamba waliwiro zedi, amene adatsogolera timuyo mpaka kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Aikman adali woponya, osati wothamanga, ndipo adaona kuti pa Oklahoma pake patha. Kochi Barry Switzer adamuthandiza kupeza malo ku UCLA, komwe adakhala chaka cha 1986 chonse akungochita zokonzekera. Mu 1989 Dallas Cowboys idamusankha kukhala woyamba pa osewera onse olowa mu NFL chaka chimenecho, ndipo adapambana nayo Super Bowl, fainolo ya NFL, katatu. Koma ku UCLA adachoka digiri isanathe. Adakaimaliza mu 2009, ali bambo wa zaka 42.

Mu 2006 NCAA idatsegula kakhomo kena. Idati wosewera amene wamaliza digiri yoyamba nthawi yake yosewera isanathe atha kupita sukulu ina kukachita digiri yachiwiri, n'kusewera nthawi yomweyo. Lamuloli lidali lothokoza wophunzira wakhama. Amene adaonetsa dziko mphamvu yake ndi Russell Wilson.

Wilson adamaliza digiri yake ku North Carolina State m'zaka zitatu, uku akusewera mpira komanso baseball. Mu 2011 kochi Tom O'Brien, posakondwa kuti mnyamatayo ali ku baseball ndi timu yaing'ono ya Colorado Rockies m'malo mokonzekera ndi anzake, adamumasula n'kupereka malo kwa Mike Glennon. Digiri ili m'manja, Wilson sadadikire chaka. Adapita ku Wisconsin, anzake adamusankha kukhala mmodzi wa makaputeni atangofika, ndipo adapambana chikho cha ligi yawo ya Big Ten. Seattle Seahawks idamutenga pa nambala 75 mu 2012, ndipo mu Febuluwale 2014 adanyamula Super Bowl.

Kuyambira pamenepo, ma quarterback ochenjera adayamba kuwerengera makalasi awo mwa njira ina. Ankalowa yunivesite msanga, tchuti cha nyengo yotentha n'kumathera m'kalasi, kuti pofika chaka chachitatu akhale atavala gauni. Digiri idasanduka chiphaso chotulukira. Joe Burrow adakhala zaka zitatu ku Ohio State osapeza malo, koma sukulu adamaliza. Mu 2018 adapita ku Louisiana State University, ndipo chaka chotsatira adaponya ma touchdown (zigoli) 60, timu yake idapambana masewero onse 15, iye n'kulandira Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Baker Mayfield ndi Kyler Murray, amene adalandira mphotoyi mu 2017 ndi 2018, nawonso adali osamuka, ngakhale iwo adadikira chaka ku Oklahoma monga mwa lamulo lakale. Atatu onsewa adasankhidwa kukhala oyamba mu NFL, zaka zitatu zotsatizana.

Nkhani ya Jalen Hurts ndi imene makolo ambiri amakonda kuuza ana awo. Mu Januwale 2018, pa masewero olimbirana ukatswiri wa dziko lonse, kochi Nick Saban wa Alabama adamutulutsa pa nthawi yopuma n'kulowetsa Tua Tagovailoa, amene adapambanitsa timuyo. Anthu ankayembekeza kuti Hurts achoka msanga. Iye adakhala chaka china pa benchi, ndipo Tagovailoa atavulala pa fainolo ya ligi yawo ya SEC adalowa n'kugonjetsa Georgia. Mu Disembala 2018 adalandira digiri, kenako adapita ku Oklahoma. Mu 2023, ali kale katswiri wa Philadelphia Eagles, adabwerera ku Oklahoma kukalandira digiri yachiwiri, ndipo mu Febuluwale 2025 adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu Super Bowl.

Si onse adali ngati Hurts. Kafukufuku wa NCAA yomweyo adapeza kuti ambiri mwa osewera mpira amene ankasamuka ponena kuti akukachita digiri yachiwiri sankaimaliza. Masewero akatha mu Januwale, nawonso mabuku ankatsekera pomwepo. Burrow yake ija adaimaliza, koma makalasi ake ambiri ankachitira pa intaneti, moti malo amene ankawadziwa bwino pa yunivesiteyo adali nyumba ya timu.

Kukokana kwa sukulu ndi mpira kudaonekera bwino pa anyamata awiri amene sadasamuke n'komwe. Mu 2011 Andrew Luck wa ku Stanford akadatha kukhala woyamba kusankhidwa mu NFL, koma adakhala chaka china kuti amalize digiri ya luso lojambula mapulani a nyumba. Chaka chotsatira adasankhidwabe woyamba. Mu 2012 momwemo Cardale Jones, quarterback wa pa benchi ku Ohio State, adalemba pa Twitter kuti iwo adabwerera mpira, osati sukulu, ndipo makalasi alibe ntchito. Adamulanga pomuletsa masewero amodzi, dziko lonse n'kumunyoza. Patapita zaka ziwiri adatsogolera Ohio State kutenga ukatswiri. Mu NFL sadakhalitse, ndipo mu 2017 adabwerera kukalandira digiri yake.

Mpanda wakale udagwa m'zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Pa 15 Okutobala 2018 NCAA idakhazikitsa transfer portal, kaundula wa pa kompyuta momwe wosewera wofuna kuchoka amalembetsa dzina kuti makochi onse alione, popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Mu Epulo 2021 idalola kuti aliyense asamuke kamodzi osadikira chaka. Mu Juni chaka chomwecho khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Alston, lidagamula ndi oweruza onse 9 kuti NCAA ilibe ufulu wophwanya malamulo a mpikisano pa malonda, ndipo kuyambira pa 1 Julayi osewera adaloledwa kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope zawo, zimene amazitcha NIL. Mu Disembala 2023 woweruza John Preston Bailey wa ku West Virginia adaimitsa lamulo lodikiritsa wosamuka kachiwiri, ndipo mu Epulo 2024 NCAA idangovomereza kuti munthu asamuke kangati konse, bola akhale akukhoza m'kalasi. Mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken adavomereza mgwirizano wa pa mlandu wa House, umene udalola sukulu iliyonse kugawira osewera ake ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa chaka choyamba.

Wofuna kusamuka lero safunikanso digiri, ndipo akatswiri ambiri a zaka zino ndi osamuka. Caleb Williams adatsatira kochi Lincoln Riley kuchoka ku Oklahoma kupita ku USC n'kulandira Heisman mu 2022. Jayden Daniels adachoka ku Arizona State n'kukailandirira ku Louisiana State mu 2023. Cam Ward adayambira pa kasukulu ka Incarnate Word ku Texas, adadzera ku Washington State ndi Miami, ndipo mu 2025 adasankhidwa woyamba mu NFL. Fernando Mendoza, amene poyamba adalonjeza kupita ku Yale, adamaliza digiri ya zamalonda ku Berkeley m'zaka zitatu, adasamukira ku Indiana, n'kulandira Heisman ya 2025.

Awa ndi amene amaoneka pa kanema. NFL ili ndi matimu 32 okha, ndipo NCAA imanena yokha kuti mwa osewera mpira 100 a m'makoleji, amene amasankhidwa safika awiri. JT Daniels, amene pochoka ku sekondale ankatchulidwa pakati pa akatswiri a dziko lonse, adasewera ku USC, Georgia, West Virginia ndi Rice, sukulu zinayi m'zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 2023 adasiya mpira potsatira malangizo a madokotala chifukwa chovulala m'mutu kangapo. Mu Sepitembala 2024 Matthew Sluka adachoka ku UNLV timuyo itapambana masewero atatu oyamba. Womuimira adati mmodzi wa makochi adamulonjeza madola 100,000 omwe sadaperekedwe, sukuluyo idakana kuti idalonjeza. Mu Epulo 2025 Nico Iamaleava adasiyana ndi Tennessee pakati pa mphekesera za mkangano wa ndalama, n'kupita ku UCLA. Kumeneko kudali Joey Aguilar, amene adali atangofika kuchokera ku Appalachian State. Asanasewereko ngakhale kamodzi, Aguilar adalongedzanso katundu kupita ku Tennessee, kukalowa m'malo mwa amene adamulanda malo.

Pa ulendo uliwonse wotere, china chimatsala m'njira. Yunivesite iliyonse ili ndi ufulu wokana makalasi amene wophunzira adachita kwina, ndipo zambiri zimafuna kuti gawo lina la digiri achitire pa iyo yomweyo. Mu 2017 ofesi ya boma la America yolondoloza ntchito za boma, GAO, idapeza kuti ophunzira osamuka ankataya pafupifupi 43 pa 100 ya makalasi amene adakhoza kale. Chiwerengerochi n'cha ophunzira onse, osati osewera okha, koma wosewera ali ndi vuto lina pamwamba pake: kuti aloledwe kulowa m'bwalo ayenera kuonetsa kuti wafika pa mlingo woikika wa digiri yake. Makalasi ake a uinjiniya akakanidwa, njira yachidule ndi kusintha n'kutenga maphunziro alionse amene angavomereze zochuluka mwa zimene wabwera nazo.

Mu 2025 NCAA idasinthanso nthawi yolembetsera mu portal. Idachotsa mwayi wa mu Epulo n'kusiya umodzi wokha, kuyambira pa 2 mpaka pa 16 Januwale, masiku omwe mayunivesite ambiri amakhala akutsegulira teremu. Quarterback amene walowetsa dzina lake amakhala ndi masiku owerengeka oti ayendere sukulu ziwiri kapena zitatu, womuimira amvane ndi makochi za ndalama, ofesi ya kaundula ione makalasi amene ingamuvomerezere, iye n'kupeza nyumba ndi kulembetsa makalasi asanatseke kalembera.