Sukulu za Adachi ndi za Aroma m'dziko la Ansenga

Pamene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State, amene anthu ankangowatchula kuti Adachi, anakhazikika ku Magwero mu 1899, sanachedwe kulowera kumadzulo, ndipo anatsegula mishoni ya Nyanje mu 1905 kenako ya Hofmeyr mu 1914, m'dera limene lero lili m'boma la Nyimba. Ansembe a Katolika a gulu la White Fathers, amene ankadziwika kuti Aroma, anafika ku Minga, kufupi ndi Petauke, mu 1923, ndipo kuchokera pamenepo midzi ya Ansenga inakhala bwalo la mpikisano, popeza mudzi umene nyakwawa yake yalola sukulu ya mpingo umodzi unkawerengedwa kuti wagwa m'manja mwa mpingowo.

Mpikisanowu unali wa chiwerengero cha ana, komanso unali mkangano wa chimene chimapanga munthu wabwino. Kwa Adachi, munthu wolongosoka anali wodziletsa ndiponso wotha kudziwerengera yekha Mawu a Mulungu, n'chifukwa chake Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922, linali pamtima pa sukulu zawo, ndipo wolowa kalasi, kutanthauza gulu la okonzekera ubatizo, ankayenera kuleka mowa ndi magule ambiri a m'mudzi. Aroma ankaika patsogolo kumvera mpingo, kuloweza katekisimu ndi kulandira masakramenti, ndipo pa nkhani ya mowa ankadzudzula kuledzera osati kumwa kwenikweniko, chinthu chimene chinali ndi tanthauzo lalikulu pakati pa anthu amene mowa unali pakati pa kulimitsana m'minda, maliro ndi nsembe za mizimu. Motero mbali imodzi inkaoneka youma mtima kwa anzawo, pamene inayo inkaoneka yolekerera.

Pa mitala, mbali zonse zinali ndi mawu amodzi, ndipo zonse zinavutika ndi mwambo wa Ansenga wotsata mtundu wa mayi, umene umapatsa malume mphamvu pa ana a mlongo wake. Chinamwali cha atsikana, chimene Ansenga amati chisungu, sichinafe, ndipo Adachi anafika pokonza chilangizo, ndiko kuti mwambo wa mpingo umene alangizi achikhristu amalangiza atsikana m'malo mwa anamkungwi, kumene kunali kuvomereza kuti sukulu yokha siinkakwanira kulera mwana.

Kunena kuti mbali ina inali ndi khalidwe loposa inzake n'kusaweruza mwachilungamo, chifukwa zonse zinatulutsa aphunzitsi okhulupirika amene anaphunzitsa m'nyumba za udzu pa malipiro ochepa kwambiri, ndipo zonse zinagawanitsa abale a mimba imodzi pa nkhani ya ukwati ndi maliro. Boma la atsamunda litayamba kuyang'anira maphunziro a Afirika mu 1925, sukulu zofuna thandizo la ndalama zinayamba kutsata muyeso umodzi wa boma, koma kusiyana pa nkhani ya mowa kudakalipo pakati pa Akatolika ndi a Reformed Church in Zambia, dzina limene mpingo wa Adachi unatenga mu 1968.