Opalasa a mu 1861 ndi mbiri ya mseru wa panyanja

Pa 2 Sepitembala 1861, boti la zopalasira zinayi linatuluka mu mtsinje wa Shire ndi kulowa m'nyanja ya Malawi. Munali David Livingstone, mng'ono wake Charles, dokotala John Kirk, mmalinyero wina dzina lake John Neil, ndi opalasa achikuda omwe anachokera nawo ku Zambezi. Anzawo ena ankawatsatira wapansi m'mbali mwa nyanja.

Tsiku lina m'mawa namondwe anawapezerera ali pamadzi. Kutsogolo sikunkapitika, kumtunda nakonso mafunde ankaswa mwaukali moti boti likanaphwanyika. Anaponya nangula pamtunda wa pafupifupi mailo imodzi kuchoka kugombe, n'kukhala pomwepo maola 6 akumenyedwa ndi mafunde obwera atatuatatu. M'buku limene Livingstone ndi mng'ono wake anatulutsa mu 1865 muli chiganizo chimodzi chosavuta kuchidumpha. Chimanena kuti opalasa aja anagwidwa ndi mseru, analephera ngakhale kukhala tsonga, ndipo sanathenso kulozetsa mutu wa boti kumene mafunde ankachokera.

Amene anakwerapo bwato akudziwa tanthauzo la zimenezi. Boti laling'ono limapulumuka likamalandira funde ndi mphuno. Likangopereka nthiti, funde lotsatira limaligadabuza. Ntchito yaikulu imene inatsala m'botimo inali yoligwira kuti lisatembenuke, koma eni ntchitoyo anali ali thapsa pansi. Mwamwayi mphepo inachepa ndipo onse anakocheza ali moyo. Ulendo womwewu ndi umene unapatsa nyanja yathu dzina loti nyanja ya anamondwe.

Chiganizo chija chimatchula khungu la opalasawo, ndipo wowerenga wa ku London wa nthawi imeneyo akanatha kumvapo kuti munthu wakuda ngofooka pamadzi. Limenelo ndi bodza. Horatio Nelson, mkulu wa sitima zankhondo wotchuka kwambiri ku Britain, ankavutika ndi mseru wa panyanja moyo wake wonse. Charles Darwin naye anadwala nawo pa ulendo wake wa pa sitima ya Beagle kuyambira 1831 mpaka 1836. Vuto la opalasa a ku Zambezi linali lina: anali akatswiri a mtsinje. Thupi limazolowera kagwedezeke kamene lakhala likukumana nako, osati kagwedezeke kalikonse, ndipo mtsinje sunyamula munthu m'mwamba n'kumugwetsa pansi kwa maola 6.

Patapita zaka 14, mu Okutobala 1875, sitima yoyamba yoyendera nthunzi, Ilala, inalowa m'nyanjayi ndi amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi dokotala Robert Laws. Kenaka kunabwera sitima za kampani ya African Lakes, imene likulu lake linali pa Mandala muno mu Blantyre, ndi za amishoni a Anglican. Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthawi imodzi. Dzinalo ndi la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 boti lake litakumana ndi namondwe. Sitima zimenezi zinkayendera nkhuni, ndiye kuti pansi pake pankakhala anthu osonkhezera moto, m'chipinda chotentha, chonunkha mafuta, chimene munthu sangaone kunja. Lero tikudziwa kuti malo otere ndi amene mseru umakula msanga. Mbiri ya nyanja yathu timakonda kuifotokoza potchula maina a sitima, a makaputeni ndi a mabishopu, ndipo ine ndimaona kuti anthu a pansi aja timawaiwala.

Chimene chimaopsa nyanja ya Malawi ndi kutalika kwake. Ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo mwera, womwe umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, umayenda mtunda wonsewo popanda choutchinga, mafunde n'kumakulirakulira polowera kumpoto. Kumeneko n'kumene Vipya inamira pa 30 Julaye 1946, pa ulendo wake wachinayi wokha, itachoka ku Mbamba Bay kulowera ku Florence Bay, komwe lero ndi ku Chitimba. Anthu 145 anafa. Mseru sindiwo unamiza Vipya. Nkhani yaikulu pambuyo pake inali ya kapangidwe ka sitimayo, imene inkalemera kumwamba, ndi chiganizo chopitiriza ulendo nyanja itakwiya. Ilala imene tikuidziwa lero inapangidwa ku Scotland, inalumikizidwa ku Monkey Bay ndipo inayamba ntchito mu 1951. Ngakhale ndi yokhazikika bwino, amene anawolokapo kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Chizumulu ndi Likoma mu Julaye safuna kuuzidwa kuti mwera n'chiyani.

Nanga chimachitika n'chiyani m'thupi? Kwa zaka mazanamazana anthu ankaloza chala m'mimba, poti ndi mmene masanzi amachokera. Yankho linapezeka m'khutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timachubu titatu tokhota tokhala ndi madzi, tomwe timamva mutu ukamatembenuka, komanso timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala ting'onoting'ono, tomwe timamva kukwera, kutsika ndi kupendekeka. Mu 1882 William James wa ku Harvard anafufuza anthu osamva, n'kupeza kuti ambiri mwa iwo sachita chizungulire ngakhale atazungulitsidwa. M'zaka za m'ma 1960 ofufuza a ku America, pokonzekera maulendo a mlengalenga, anagwira ntchito ndi amuna 11 osamva ochokera ku koleji ya Gallaudet, ambiri mwa iwo atawonongeka makutu ndi matenda oumitsa khosi ali ana. Anawakweza sitima pa nyanja yolusa kufupi ndi Nova Scotia. Amunawo ankasewera makadi, pomwe ofufuzawo anadwala mpaka kuyesako kunaimitsidwa.

Mu 1975 James Reason ndi Joseph Brand anatulutsa buku limene linamanga pamodzi maganizo omwe ambiri amatsatira mpaka pano. Ubongo umalandira uthenga kuchokera m'maso, m'khutu ndi m'minofu, n'kuuyerekeza ndi zimene unazolowera. Munthu amene ali m'chipinda cha sitima maso ake amanena kuti khoma laima, khutu likunena kuti akukwera ndi kutsika. Kusagwirizana kumeneku ndi kumene kumabweretsa kuyasamula, malovu ambiri, thukuta lozizira, mseru, kenaka kusanza. Ndi chifukwa chake kuyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo kumathandiza, ndipo kuwerenga kapena kudya maso pa foni kumaonjezera vuto. Mu 1974 O'Hanlon ndi McCauley, poika anthu m'kachipinda kokwera ndi kutsika, anapeza kuti chodwalitsa kwambiri ndi kugwedezeka kwapang'onopang'ono, kukwera ndi kutsika kamodzi pa masekondi pafupifupi 6. Munthu aliyense wa makutu abwinobwino akhoza kudwala, bola kugwedezekako kukule ndi kukhalitsa. Ana osafika zaka ziwiri sakonda kuvutika, koma ana a msinkhu wa pulayimale, amayi oyembekezera ndi anthu a mutu waching'alang'ala amagwidwa msanga.

Chimene chinakankha boma lililonse kuika ndalama pa nkhaniyi si chifundo ayi, koma nkhondo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali ankatsitsidwa pagombe la adani kuchokera m'maboti aang'ono, ndipo msilikali wosanza samenya nkhondo. Ndi nthawi yomwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ankakwezedwa sitima kupita ku Madagascar mu 1942, kenaka ku Ceylon ndi ku Burma. Mu 1944 madokotala a ku Britain anafalitsa mu Lancet zotsatira za kuyesa mankhwala osiyanasiyana pa asilikali ali panyanja, ndipo hyoscine ndi amene anapambana. Mankhwala ena anatulukira mwangozi. Mu 1947, pa chipatala cha Johns Hopkins, Leslie Gay ndi Paul Carliner anapatsa mayi wina dimenhydrinate chifukwa cha ziwengo, ndipo mayiyo anaona kuti wasiya kumva mseru umene unkamuvuta nthawi zonse akakhala paulendo. Mu Novembala 1948 anayesa mankhwalawa pa asilikali okwera sitima ya General Ballou kuchoka ku New York kupita ku Bremerhaven, ndipo anagwira ntchito. Promethazine amene tili naye m'zipatala zathu ndi wa m'banja lomweli.

Komabe kafukufuku yense ameneyu ankawerenga anthu osanza, poti masanzi amaoneka. Mbali imene imakhudza ntchito kwambiri inalongosoledwa mochedwa. Mu 1976 Ashton Graybiel ndi James Knepton, ofufuza a asilikali a pamadzi ku Pensacola, analemba za anthu amene akagwedezeka nthawi yaitali amangoyasamula, kuwodzera, kusowa chidwi, kuzemba ntchito ndi kudzipatula kwa anzawo, nthawi zina osamva mseru n'komwe. Anazitcha sopite syndrome. Vutoli limatha kupitirira maola angapo munthu atatsika kale. Munthu wotere ukamukuwira kuti boti likulowa madzi amadzuka n'kukapa, pakuti ntchito yachangu ya mphindi zochepa amaikwanitsa. Imene imagwa ndi ntchito yofuna tcheru chokhalitsa: kuyang'anira injini, kuona miyala ndi maukonde kutsogolo, kuwerengera mlingo wa mankhwala, kubwereza kuyeza wodwala pa nthawi yake. Onjezanipo kutopa kobwera chifukwa chodzigwiriza tsiku lonse kuti usagwe, ndi tulo toduladula. Pa boti la asodzi kapena pa gulu la azaumoyo, munthu uyu satchedwa wodwala. Amatchedwa mlesi.

Apa ndi pomwe mankhwala amatiika pakona. Promethazine amaletsa kusanza, koma amagonetsa, ndipo tulo take timatha kufika tsiku lotsatira. Kwa wokwera wamba, piritsi la 25 mg lomwedwa usiku ulendo uli mawa ndi thandizo lenileni. Kwa woyendetsa boti, dalaivala wa ambulansi kapena namwino amene akuperekeza mayi wotaya magazi, piritsi lomwelo likuonjezera tulo pa tulo. Amene akudziwa kuti amavutika ndi bwino ayese mankhwalawa kunyumba tsiku lopuma, aone mmene amamutengera, ndipo asaphatikize ndi mowa. Mwana wosakwana zaka ziwiri sapatsidwa promethazine. Mankhwala ayenera kumwedwa ulendo usanayambe, chifukwa mseru ukayamba m'mimba mumachedwa kukankha zinthu ndipo piritsi limangokhala pomwepo.

Pali chisokonezo china chimene ndi chosavuta kuchita pa shelefu. Hyoscine amene amathandiza paulendo ndi hyoscine hydrobromide. Hyoscine butylbromide, uja timamudziwa kuti Buscopan, safika ku ubongo, choncho sathandiza pa vutoli. Metoclopramide ndi ondansetron, ngakhale amathandiza kusanza kwa mitundu ina, pa mseru wa paulendo sanaonetse mphamvu yodalirika.

Wina angafunse kuti nkhani ya panyanja ikufuna chiyani kwa mlangizi wa zaumoyo wa ku Ndirande kapena volontiya wa ku Bangwe, komwe madzi aakulu ndi a Mudi kapena Nasolo nthawi ya dzinja. Yankho n'lakuti anthu otumidwa pamadzi nthawi ya mavuto ambiri amachokera kumtunda. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, dera la Makhanga ku Nsanje linkafikika pa boti kapena pa helikoputala. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri muno mumzinda, n'kudulanso misewu ya kuchigwa cha Shire. Mu 2016 katemera wa kolera anaperekedwa kwa asodzi a pa nyanja ya Chilwa, kuphatikizapo okhala m'zimbowera pakati pa madzi. Ophunzira athu amapita ku Mangochi, ndipo odwala ena a ku Likoma amawolotsedwa kupita kumtunda ali ndi wowaperekeza. Mnyamata wokulira ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri akakwera boti koyamba ali ngati opalasa a ku Zambezi aja. Thupi limazolowera pakatha masiku awiri kapena atatu, koma ulendo wathu nthawi zambiri umatha tsiku limodzi. Wokonza gulu azifunsa asananyamuke kuti ndani amasanza m'minibasi, amukhazike pakati pa boti poyang'ana kutsogolo, ndipo ntchito yowerengera mlingo kapena yolemba m'kaundula ichitike pamtunda, munthu atapumako.

Ngakhale pamsewu nkhani ndi yomweyi. Namwino wokhala cham'mbali kumbuyo kwa ambulansi, mazenera ali otchinga, maso ali pa diripi, galimoto ikukhotakhota pa Thabwa kuchoka ku Chikwawa kubwera ku Gulupu, ali m'chipinda cha sitima chimodzimodzi. Akafika n'kupereka lipoti loduladula, tisanamudzudzule tizikumbukira msewu umene wadutsa.

Chenjezo lomaliza ndi la mbali inayo. Pa mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, madera a asodzi anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Munthu wosanza pa boti kapena padoko tisathamangire kunena kuti ndi mafunde. Mseru wa paulendo subwera ndi kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, subwera ndi kutentha thupi, ndipo umayamba kuchepa munthu akaponda pamtunda. Ngati kusanza kukupitirira atatsika, funsani za chimbudzi, yezani malungo, ganizirani za mimba kwa amayi, ndipo yambani kumumwetsa Thanzi pang'onopang'ono pomwepo.