Mbiri ya Oyilo wa Njinga Zamoto

Njinga zamoto zamipikisano zoyambirira zinkadalira mafuta a nsatsi, chifukwa sankatha mphamvu injini ikatentha kwambiri. Mu 1909, kampani ya Charles Wakefield ya ku London inayamba kugulitsa oyilo wosakaniza ndi mafutawa pa dzina lakuti Castrol.

Mu 1911, bungwe la SAE la ku America linakhazikitsa manambala osonyeza kulimba kwa oyilo. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera oyilo wa manambala awiri, monga 10W-30. Nambala yoyamba imasonyeza mmene oyiloyo amayendera injini ikadali yozizira, yachiwiri ikatentha.

Panjinga zambiri, oyilo mmodzi yemweyo amafewetsa injini, magiya ndi kilachi. Opanga oyilo wa galimoto atayamba kuthiramo mankhwala oterera kwambiri pofuna kupulumutsa petulo, makilachi a njinga anayamba kuterereka. N'chifukwa chake mu 1998 bungwe la JASO la ku Japan linaika magulu awiri: MA wa njinga zimene kilachi yake imakhala mu oyilo, ndi MB wa zopanda magiya osintha ndi phazi.

Lero wakabaza wosamala njinga yake amayang'ana zinthu ziwiri pabotolo: nambala imene wopanga njingayo analamula, ndi chizindikiro cha JASO.