Roseli Ocampo-Friedmann: Mayi Amene Anapeza Moyo M'kati mwa Mwala

Ambiri a ife timaona mwala ngati chinthu chakufa. Asayansi ambiri ankaonanso chimodzimodzi zigwa zouma za ku Antarctica, kumene chisanu ndi mphepo sizilola ngakhale udzu kumera. Mmodzi mwa anthu amene anasintha maganizo amenewa ndi Mayi Roseli Ocampo-Friedmann a ku Philippines.

Iwo anabadwira ku Manila mu 1937. Anamaliza maphunziro a zomera pa University of the Philippines mu 1958, ndipo digiri yachiwiri anakaitenga ku Hebrew University mumzinda wa Jerusalem mu 1966. Kenaka anapita ku Florida State University m'dziko la America, kumene analandira digiri ya udokotala mu 1973. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi wasayansi mnzawo, Imre Friedmann.

Banjali linkafufuza tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'zipululu. Wasayansi wina, Wolf Vishniac, anatola miyala m'zigwa za ku Antarctica zija, koma anamwalira konko pa ngozi mu 1973. Ina mwa miyalayo inafika m'manja mwa awiriwa, ndipo ataiunika anaona kamzere kobiriwira pansi pang'ono pa khungu la mwala. Mmenemo munali tizamoyo tokhala ngati ndere. Mwala wamchenga uli ndi timipata tosunga chinyezi, umalowetsa kuwala pang'ono, komanso umafunda dzuwa likaomba. Choncho tizamoyoti timabisala m'katimo, n'kumakula m'nyengo yochepa yofunda.

Luso lalikulu la mayiwa linali lotha kulera tizamoyo totere m'chipinda chofufuzira, ntchito yofuna kuleza mtima chifukwa timakula pang'onopang'ono kwambiri. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 1976, chaka chimene zombo za Viking zinatera pa Mars. Kuyambira pamenepo, ofufuza za moyo kunja kwa dziko lathu anadziwa kuti malo ooneka ouma pamwamba angathe kubisa moyo m'kati.

Mayi Ocampo-Friedmann analinso mphunzitsi. Mu 1987 anakhala pulofesa pa Florida A&M University ku Tallahassee, ndipo m'moyo wawo anasonkhanitsa mitundu yoposa 1,000 ya tizamoyo ta m'malo ovuta kukhalamo. Anamwalira mu 2005 atadwala matenda a Parkinson. Lero tikaona mapu a Antarctica timapezapo phiri lotchedwa Friedmann Peak, limene linapatsidwa dzinali powalemekeza.