Kudekha kwa William Koyi pakati pa Angoni

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu umamveka bwino m'mbiri ya William Koyi, Mxhosa wa ku South Africa amene adalambula njira ya Uthenga Wabwino pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa.

Koyi adaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Lovedale kwawo komweko. M'chaka cha 1876, Dr James Stewart atapempha anthu odzipereka kukathandiza mishoni ya Livingstonia ku Nyanja ya Malawi, iye adasankhidwa pamodzi ndi anzake atatu. Chuma chachikulu chimene adanyamula chidali chinenero. Chixhosa n'chapachibale ndi Chingoni chimene anthu a Zwangendaba adaoloka nacho Zambezi m'chaka cha 1835. Motero Koyi ankatha kukambirana ndi nduna popanda womasulira.

M'chaka cha 1882 adakakhazikika ku Njuyu, dera limene lero lili m'boma la Mzimba. Mafumu adamulola kukhala, koma sukulu adaikana poopa kuti anyamata akaphunzira adzataya mkondo ndi chishango. Koyi sadaumirize. Adapitiriza kucheza nawo, kumva madandaulo awo ndi kulemekeza mwambo wa pabwalo, kufikira adayamba kumuyesa mnzawo. Dr Walter Elmslie, amene adafika m'chaka cha 1885, adapeza maziko ataikidwa kale.

Chilolezo cha sukulu chidaperekedwa m'chaka cha 1886, ndipo Koyi adamwalira chaka chomwecho ku Njuyu, asadaone zipatso za thukuta lake.

Wofuna kuphunzitsa m'mudzi wa eni ayambe wadziwa malonje awo, kenaka adikire kuti eniakewo amutsegulire khomo.