Holide ya ku Dedza konkuno: zaluso zakale, malo okayendako ndi mabuku opepuka

Sukulu zikangotsekera, ma status a anzathu amadzaza ndi nyanja. Wina ali ku Senga Bay, wina ku Cape Maclear, ife otsala m'tauni n'kumadandaula kuti ku Dedza kulibe zochitika, kuli mphepo ndi kachewere basi. Komatu alendo amalipira ndege kuchokera kutali kudzaona zinthu zomwe ife timazidutsa tsiku ndi tsiku tili pa kabaza. Ndasonkhanitsa pano zomwe ndikudziwa za zaluso zakale za m'boma lino, malo oti mukayendeko, ndi mabuku oti muwerenge osatopa nawo. Sungani nkhaniyi mufoni, idzakuthandizani tsiku lomwe mudzasowe kolowera. Chinanso n'chakuti amisiri ambiri a zinthu zimenezi ndi achikulire, ndipo tikapanda kumawagula, ana awo sadzaona chifukwa chophunzirira ntchitoyo.

Dedza mwachidule

Tauni yathu ili pamsewu wa M1, pafupifupi makilomita 85 kumwera kwa Lilongwe. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, n'chifukwa chake mu June ndi July timagona ndi majuzi. Boma la Dedza ndi lalikulu: likuyambira kumalire ndi Mozambique, kudutsa m'mapiri, n'kutsetsereka mpaka ku Mtakataka ndi Golomoti kufupi ndi nyanja. Malo onse omwe nditchule pansipa ali m'boma lomweli, ndipo mutha kupita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Zoumbaumba

Kuumba mbiya si kwa dzulo kuno. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapezako mapale ambirimbiri a miphika, pamodzi ndi mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ndiye kuti zaka mazana angapo zapitazo makolo athu ankaumba kale, kwinaku akuchita malonda ndi anthu akutali.

Kumudzi ntchitoyi ndi ya amayi. Amakumba dongo kudambo kapena pachulu, kulisinja, kuchotsa timiyala ndi mizu, kenaka n'kulikanda ndi madzi. Ena amasakanizamo mapale osinja kapena mchenga kuti mbiya isang'aluke pamoto. Sagwiritsa makina aliwonse. Amaumba ndi manja, kusalaza ndi chitsononkho kapena kachidutswa ka chikho, n'kudzakulungiza ndi nsangalabwi kuti iwale. Mbiya imauma pamthunzi kwa masiku angapo, chifukwa dzuwa lamphamvu limaing'amba. Ikauma amaiotcha panja, ataiunjikira nkhuni, makungwa ndi udzu.

Mayina ake muwadziwe musanapite kumsika, kuti asakuoneni ngati alendo. Mtsuko ndi wotungira ndi kusungira madzi. Mphika ndi wophikira ndiwo. Nkhali ndi yokulirapo, yophikira nsima kapena zinthu zambiri. Mbiya yaikulu ndi ija ya thobwa ndi mowa wamasese. Phale ndi chidutswa cha mbiya yosweka, chokazingira chimanga ndi mtedza.

Pogula, gogodani pang'ono ndi chala. Yopsa bwino imalira ngati kabelu, yong'aluka imangoti phwa phwa. Mphika watsopano muyambe mwaphikamo phala la gaga kuti timabowo take titsekeke. Koma mtsuko wamadzi umafunika timabowo timeneto: madzi amatuluka pang'onopang'ono ngati thukuta, mphepo ikamawaumitsa, otsala m'katimo amazizira. Magetsi akathima mu October, mtsuko umagwirabe ntchito pomwe firiji yangoti duu.

Dongo lomweli lili ndi nkhope ina ku Dedza Pottery, yomwe idayamba mu 1987. Kumeneko amaumba pagudumu lozungulira, amapaka mankhwala owalitsa, n'kuotcha mu uvuni wotentha kwambiri. Amapanga makapu, mbale, matailosi ndi tizidole, zambiri zojambulidwa pamanja. Mutha kupempha kuti akuonetseni momwe ntchito imayendera, ndipo pali lesitilanti yomwe cheesecake yake imatchuka mpaka ku Lilongwe. Mitengo yake si ya thumba la mwana wasukulu, zoona, koma kapu imodzi ya mphatso ya pa birthday imatheka mukasonkherana awiri kapena atatu. Ine ndimalangiza kuti muone mbali zonse ziwiri: gudumu la ku Pottery ndi manja a agogo a kumudzi. Mukatero mudzamvetsa kuti mphika wa pamsika uja sufunika kuunenerera mpaka mwini wake kutsala opanda phindu.

Zoluka, zosema ndi zokhoma

Lichero, dengu ndi nsengwa amaluka ndi nsungwi zong'amba. Mphasa ndi ya bango, mkeka ndi wa mlaza. Lichero labwino mumalidziwa poliyang'anitsa kudzuwa: likamaonetsa kuwala kwambiri, ufa uzidzadontha. Muonenso mkombero wake ngati wamangidwa molimba, chifukwa lichero limayamba kutha m'mphepete. Masiku ano atsikana ena akugula malichero ang'onoang'ono n'kumawakoleka pakhoma la chipinda, ndipo pachithunzi amaoneka bho kuposa maluwa apulasitiki.

Osema amapanga mitondo, minsi, mithiko, zipande, mipando ya ndalema, mabawo ndi ziboliboli. Apa chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mtengo wa phingo, wakuda ndi wolemera uja, ukusowa, ndipo ena amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato n'kumati ndi phingo. Pukutani ndi chala chonyowa, muona nokha. Komanso palibe vuto kugula chosema cha mtengo wamba. Phingo, mlombwa ndi m'bawa zimatenga zaka zambiri kuti zikule, ndipo mapiri athu ayera kale ndi makala.

Musaiwale okhoma zidebe kuseri kwa msika, omwe amasandutsa malata akale kukhala mbaula, ndowa, ziwaya ndi nyali za koloboyi. Palinso madoilo oluka ndi koloshi omwe amayi athu ankayala pamipando, ndi magalimoto a mawaya omwe tinkayendetsa tili ana. Ngati muli ndi azakhali odziwa kuluka, holide ino khalani nawo pansi akuonetseni. Koloshi ndi ulusi sizidula ngati bandulo ya mwezi, ndipo zipewa ndi tizikwama toluka zikugulidwa pa WhatsApp pano.

Malo okayendako

Phiri la Dedza. Nsonga yake ili pa mamita 2,198. Njira yodziwika ndi msewu wafumbi wodutsa m'nkhalango ya paini wopita kumene kuli milongoti ya mafoni ndi wailesi. Muwerengere maola awiri kapena atatu pokwera, malinga ndi mapapo anu. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona mapiri a ku Mozambique mbali ina, mbali inayo chigwa cha kunyanja. Nyamukani m'mamawa, mukhale gulu, ndipo moto musayatse m'nkhalango ngakhale kuzizire bwanji.

Chongoni. Awa ndi malo omwe UNESCO idawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Dziko la Malawi lidali ndi malo amodzi okha pamndandandawo, Lake Malawi National Park, Chongoni isanalowe. M'mapiri a m'derali muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala. Zofiira ndi zakale kwambiri, ndipo zidajambulidwa ndi Abatwa, omwe timawatchanso Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso. Zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira. Zoyera zidajambulidwa ndi alimi, makolo a Achewa, popaka dothi loyera ndi zala, ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi Gule Wamkulu. Malo omwe alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Chentcherere ndiye pafupi, mbali ya ku koleji ya zankhalango, ndipo mu 1972 katswiri wina wotchuka, J. Desmond Clark, adafukulapo zinthu zakale. Ku Namzeze muyenda pansi mtunda ndithu, koma zojambula za zilombo za Gule zimaoneka bwino.

Apa ndilankhule mosapsatira, anzanga. Pamiyala ina pali mayina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba penipeni pa zojambulazo. Ena amathira madzi kuti chithunzi chioneke bwino pakamera, ena amagwira ndi manja a thukuta. Zonsezi zimafufuta utoto, ndipo ukafufutika palibe amene angaubwezeretse. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kuononga malo otere. Dzina la chibwenzi chanu lembani pa status, kumeneko limafufutika pakatha maola 24 popanda wodandaula. Pitani ndi wokuperekezani wa m'deralo, ndipo mumupatse kangachepe, chifukwa ndi anthu omwewo amene amayang'anira malowa.

Mua. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo ili kumunsi kwa mapiri, kufupi ndi msewu wa M5. Kuchokera kuno mumadzera pa Masasa n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenaka kulowera kumpoto. Msewu wokhawo ndi ulendo pawokha, koma amene amachita chizungulire asakhale kumbuyo kwa galimoto. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwe Achewa adamupatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art, komwe amisiri ambiri osema adaphunzirira ntchito. Pomwepo pali Chamare Museum, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka imfa, ndipo muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Gule Wamkuluyo UNESCO idamuzindikira mu 2005. Funsani kaye musanatulutse foni, popeza si chilichonse chomwe chimaloledwa kujambula, ndipo kwa eni mwambo izi si zoseweretsa. Pali shopu ya zosema komwe mungagule kanthu kakang'ono kokumbukira ulendo.

Zowerenga zopepuka

Masiku ena a holide ndi amvula kapena a chiperoni, ndipo bandulo imatha. Mabuku a Chichewa ambiri ndi aafupi, oti kuyamba m'mawa madzulo mwamaliza. Nawa ena oyambira:

"Nthondo" la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma Mission. Lidatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha "Man of Africa". Ndi mbiri ya munthu kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, m'midzi yonga yathu yomweyi.

"Sikusinja ndi Gwenembe" komanso "Kukula ndi Mwambo" a John W. Gwengwe. Lachiwirili muliwerenge musanapite ku Mua, zambiri za m'nyumba ya Chamare muzikazimva msanga.

"Njala Bwana" ndi "Madzi Akatayika" a Willie Zingani, "Ikakuona Litsiro Sikata" la Jolly Max Ntaba, ndi "Kokha Mcheperawakalulu" la E.J. Chadza. Funsani makolo anu za mabuku amenewa, muona nkhope zawo zikuwala.

Kowapeza: yambani ndi katoni ya pansi pa bedi ya amalume, kenaka ogulitsa mabuku akale pansi m'misika, ndi malaibulale a m'sukulu ndi m'maparishi. Mukapita ku Lilongwe, likulu la National Library Service lili ku City Centre. Zofulumira ziliponso: Tamvani mu Weekend Nation, Tikambe mu Malawi News, ndi magazini akale a Moni, omwe adayamba kutuluka mu 1964. Mukapeza buku, musalibise. Pangani kagulu ka anthu asanu, aliyense abweretse limodzi, muzisinthana sabata iliyonse. Wobwereka abweze, chonde, chifukwa ambiri mwa mabukuwa sapezekanso m'mashopu.

Musananyamuke

Nyamulani juzi, madzi akumwa, nsapato zotseka ndi kamba wapanjira. Mbatata yootcha ndi mtedza zimakwana. Mukhale ndi ndalama zapamanja zosinthasintha, chifukwa agogo ogulitsa mbiya sangakupatseni nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo netiweki imathawa m'mapiri. Gwirizanani mtengo ndi wa njinga yamoto musanakwere, kuphatikizapo wokudikirani ndi kukubwezani. Miyezi yabwino yoyenda ndi kuyambira May mpaka October. Pa holide ya Khirisimasi misewu yafumbi ya ku Chongoni imaterera, ndiye sankhani tsiku lomwe kwacha bwino. Uzani a kunyumba komwe mukupita, ndipo mabotolo ndi majumbo mubwerere nawo.

Mukafika pamudzi, perekani moni kwa akuluakulu musanayambe kuloza kamera. Mukagula chinthu, funsani amene adachipanga ndi mudzi wake, ndipo akalola, mutchule poponya chithunzicho, kuti wina akachisirira adziwe kokagula. Akuluakulu adati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Loweruka likubwerali sankhani malo amodzi pa omwe ndatchulawa, itanani anzanu awiri, mukabwerako mudzatiuze momwe mwayendera.