MADZI SAIWALA KHWAWA: MBIRI YA NAMONDWE NDI MACENJEZO AKE

Munthu wa ku Chadiza, wa kwa Mfumu Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala, akamva pa wailesi kuti namondwe alikudza pa nyanja ya mcere, kawiri-kawiri amangopitiriza kupalira munda wake, nanena mumtima kuti zimenezo nza anthu a ku Beira. Nzoona kuti nyanjayo iri kutali, mamailo ngati 400, ndipo ambiri a dera limeneli sanaione ndi maso. Koma mbiri ya anamondwe kuyambira caka ca 1946 iphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba ncakuti madzi ao amafika kutali kumtunda. Caciwiri ncakuti cenjezo lipulumutsa anthu okhawo amene anapanganiratu za kothawira.

Namondwe amabadwira pa nyanja yaikuru ya India pamene madzi ake atentha kufika madigiri 26 kapena kupitirira. Nthunzi imakwera, mphepo nkuyamba kuzungulira monga acitira kabvulubvulu, koma kabvulubvulu ameneyu m'mimba mwake muli mamailo mazana. Nyengo yake ndiyo kuyambira November kufikira April, ndiyo nyengo yomwe cimanga ciri m'munda. Akafika pa gombe amasasula madenga, nakankhira madzi a m'nyanja m'midzi. Akalowa kumtunda mphepo yake imafooka, koma mitambo yake imapitirira ndi mvula yambiri, ndipo ikagunda mapiri imakhuthula madzi a mwezi wathunthu m'masiku awiri.

Zotere zinaoneka ku Zomba, likuru la Nyasaland pa masiku aja, m'mwezi wa December 1946. Namondwe wocokera ku nyanja anagwetsa mvula yopitirira mainchi 20 m'masiku awiri okha. Phiri linagumuka, mitsinje monga Mulunguzi inatsika ndi miyala ndi mitengo, milatho inakokoloka, ndipo anthu anafa m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo. Panalibe amene anawacenjeza. Eni dziko anati wadutsa Napolo, cinjoka cokhala pansi pa mapiri cimene cimang'amba nthaka pamene cisamuka. Mau amenewa si ofunika kuwaseka, pakuti m'menemo akuru anasungamo nzeru yakuti pamene madzi anapitapo kale adzapitaponso. Dzina lomwelo linamvekanso mu March 1991, pamene phiri la Michesi linagumukira Phalombe ndi kupha anthu mazana.

Cida coyamba cofikitsira cenjezo ku mudzi cinali wailesi. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau mu 1941, ndipo mu 1949, mwa khama la Bwana Harry Franklin, kunabwera kawailesi kochipa kooneka ngati sefuliya, ka dzina lakuti Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5. Kuyambira pamenepo mau onenedwa m'Cinyanja ku Lusaka anatha kumveka tsiku lomwelo pa bwalo la mfumu ku Chadiza. Pambuyo pake kunabwera makina a satelaiti oona mitambo ali kumwamba. Lero akatswiri a pa cisumbu ca La Réunion ndiwo amalonda cigawo cino ca nyanja, natumiza zimene aona kwa oyang'anira za nyengo a maiko onse a kuno, namondwe asanafike ndi masiku angapo.

Koma kudziwa kwa akatswiri sikunali kokwanira. Mu February 2000, mvula itagwa kale masabata angapo, namondwe Eline anafika pa gombe la Mozambique. Mitsinje ya Limpopo ndi Save inasefukira, midzi yaikuru ya Chokwe ndi Xai-Xai inamira, anthu anagona m'mitengo masiku ambiri, ndipo ngati 700 anafa. Boma la Mozambique linaphunzirapo kanthu. Linakhazika macenjezo a mitundu itatu amene ngakhale wosadziwa kuwerenga angawazindikire. Mbendera ya buluu inatanthauza kuti namondwe angafike m'masiku awiri, yacikasu kuti angafike tsiku limodzi lisanathe, ndipo yofiira kuti kwatsala maora 6. M'midzi ya m'mbali mwa mitsinje, monga wa Buzi, anasankha makomiti a eni mudzi. Wina nchito yake inali kumvera wailesi, wina kuyesa madzi a mumtsinje, wina kuyenda ndi cokuzira mau, ndipo wina kutsogolera okalamba ndi ana ku malo okwera amene mudzi unasankhiratu. Pamene namondwe Favio anagunda Vilankulo mu February 2007, nyumba zambiri zinaonongeka, koma akufa anali ngati 10.

Namondwe Idai wa mu March 2019 anaonetsa kuti ngozi siithera pa gombe. Poyamba anali wamng'ono, nalowa kumtunda, nagwetsa mvula yaikuru ku Tete ndi kumwera kwa Malawi. Atatero anabwerera ku nyanja, nakula, nagwera mzinda wa Beira usiku wa pa 14 March. Mseu wocokera ku dooko unaduka, ndipo magalimoto a katundu opita ku maiko a kumtunda anaima. Patapita tsiku limodzi mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe, kutali ndi nyanja, anagumukira anthu ali m'tulo. M'maiko atatuwo anafa anthu oposa 1,000, ndipo madzi ataphwa kunabuka kolera ku Beira cifukwa zitsime zinasakanizika ndi zimbudzi.

Mu January 2022 namondwe Ana, ngakhale mphepo yake inali yocepa, anafika kufupi ndithu ndi kwao kwa Acewa. Mtsinje wa Revubue, wotsika ku mapiri a Angonia, unathyola mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Ku Malawi mtsinje wa Shire unaononga makina a magetsi a pa Kapichira. Tsono Tete si dziko lacilendo kwa anthu a ku Chadiza. Mseu wocokera ku Katete umadutsa pa cipata ca Chanida kulowa ku Cassacatiza, ndipo anthu a tsidya lija ndi a tsidya lino ali pansi pa Kalonga Gawa Undi mmodzi, nakomana caka ndi caka pa Kulamba ku Mkaika.

Phunziro lowawa kopambana linadza ndi namondwe Freddy mu 2023. Iyeyu anabadwira kufupi ndi Australia, naoloka nyanja yonse, nakhala ndi moyo masiku 36, kuposa anamondwe onse olembedwa m'mabuku. Pa 11 March anagwera Quelimane. Kumeneko anthu zikwi zambiri anali atasamukira kale m'masukulu ndi m'nyumba zina zolimba, ndipo m'Mozambique monse akufa anali pafupi 200. Ku Malawi, kumene mphepo inafika itafooka, akufa ndi osowa pamodzi anaposa 1,000, ndipo osowa pokhala anaposa 600,000. Oyang'anira za nyengo anacenjeza, ndipo mawailesi analengeza. Koma anthu a ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre, anazolowera kumva kuti madzi osefukira ndi tsoka la anthu a ku cigwa ca Shire. Ambiri analibe malo odziwika othawirako, ndipo matope ndi miyala zinawapeza m'nyumba zao.

Dziko la Zambia liri ndi bungwe loona za ngozi zotere, la Disaster Management and Mitigation Unit, limene linakhazikidwa mu 1994 pansi pa ofesi ya Waciwiri kwa Pulezidenti. Lamulo la mu 2010 linalamula kuti pakhale makomiti kuyambira ku Lusaka, ku zigawo, ku maboma, kufikira ku magulu a midzi. Macenjezo amamveka pa wailesi ya dziko, pa mawailesi a ku Chipata monga Breeze FM ndi Radio Maria, ndiponso pa mafoni a m'manja. Motero mau amafika. Cotsala ndi cimene anthu a ku Buzi anacita, cimene lamulo lokha silingacitire munthu.

Mudzi uliwonse wa ku Chadiza uli ndi akuru odziwa pamene madzi anafika caka ca mvula yaikuru, khwawa limene limadzala usiku, ndi dooko la pa Nsadzu kapena pa mtsinje wina limene mwana wa sukulu sayenera kuoloka mvula ikagwa kumtunda. Nyakwawa ikakhala pansi ndi anthu ake mu October, dzinja lisanayambe, ingathe kuchula sukulu kapena chalichi cimene adzathawirako, ndi mnyamata amene adzaomba ng'oma. Ingathe kunena za nkhalamba imene idzafuna woinyamula, nyumba za zidina zosaocha zimene zingagwe zikanyowa masiku atatu, nkhokwe zofunika kukweza, ng'ombe zofunika kucotsa ku dambo, ndi madzi akumwa ofunika kuwiritsa mvula itakata. Zonsezi sizilira ndalama. Zilira kupangana kokha, dzuwa likali kuwala.

Ku Zomba mu 1946 anthu anafa cifukwa panalibe wowauza. Ku Blantyre mu 2023 anauzidwa, koma anasowa kolowera. Akuru anati madzi saiwala khwawa, ndipo mudzi umene ukumbukira khwawa lake udzadziwa cocita tsiku limene wailesi idzachula dzina la namondwe wina.